Mowa Ukakukulirani Mphamvu, Musalimbane Nawo Nokha

Mawu amene anayankhulidwa kwa antchito a m'mafamu ndi a m'nyumba m'chigwa cha Mazowe

 Ndikuthokozeni chifukwa chopereka tsiku lanu lopuma, limene ena mwa inu mumalipeza kamodzi kokha pa sabata, kuti mudzamve mawu a mwana wanu. Ena mwachokera ku Glendale, ena ku Concession, ena mwakwera kombi kuchokera ku Bindura ndi ku Shamva. Ntchito yanga ndi yofufuza za moyo wa anthu apantchito: malipiro, makontirakiti, nyumba za m'komboni ndi ngozi za pantchito. Mwina mumayembekezera kuti ndiyankhula za zimenezo. Koma lero ndabwera ndi nkhani imene timaikamba monong'ona, kapena kuiseka pamene sitinayenere kuseka. Nkhani yake ndi ya mowa, ndiponso ya kumene munthu angapite mowa ukamukulira mphamvu.

Ndiyambe ndi za kwathu. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo anatchona kuno mpaka imfa yawo. Mwana wawo wachiwiri, amene ndi malume anga, anali dalaivala wa thirakitala pa famu ina m'chigwa chino. Anali munthu waluso, wofatsa, wosadziwa kukangana. Koma tsiku la malipiro likafika, akazi awo ankakaima pafupi ndi ofesi kuti alandeko kangachepe ndalama zisanafike ku bala. Ife ana tinkabisala kuseri kwa nyumba n'kumaseka m'mene ankadzandirira pobwerera. Lolemba lina anakwera thirakitala matsire asanathe, naigwetsera m'ngalande. Ntchito inathera pomwepo. Ndipo inu mukudziwa kuti pa famu ntchito ikatha, nyumba nayonso yatha. Banja la anthu asanu ndi awiri linatuluka m'komboni mitolo ili pamutu.

Malume analumbira kambirimbiri kuti asiya. Analumbira pamaso pa akulu a mpingo, analumbiranso pamanda a bambo awo. Sankanama ayi, ankafunadi kusiya. Koma lumbiro lililonse linkasweka pasanathe milungu itatu. Ndinakula ndikuganiza kuti anali munthu wofooka. Ndinazindikira mochedwa kuti mphamvu anali nazo, koma nkhondoyo ankaimenya okha.

Ndili pa sukulu ndinawerenga mbiri ya makomboni, ndipo maso anga anatseguka. Wolemba mbiri Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, anafufuza za antchito a m'migodi ya Southern Rhodesia kuyambira 1900 mpaka 1933. Anaonetsa kuti mowa ndi ngongole za m'sitolo zinali zina mwa zingwe zomangira wantchito pa mgodi. Munthu amene malipiro ake athera ku mowa alibe ndalama ya ulendo wobwerera kwawo, motero amayambanso kontirakiti ina. M'matauni, makhonsolo ankamanga nyumba zomwera mowa, phindu lake n'kumayendetsera malokeshoni. Ku South Africa, m'mafamu a mphesa a ku Cape, antchito ankalandira vinyo ngati gawo la malipiro awo. Choncho agogo athu amene anabwera ndi Mthandizi, kapena pa malole a Ulere, kapena wapansi kudzera ku Tete, anapeza mowa ukuwadikira kale.

Lero lamulo la ntchito la dziko lino, Labour Act, pa gawo 12A, limaletsa kulipira wantchito ndi mowa. Koma kabuku ka ngongole ka ku shabini kakugwira ntchito yomwe ija. Ndipo mowawo wasintha. Agogo ankamwa masese ndi chikokiyana. Ana awo akumwa kachasu, tumbwa ndi musombodhiya, zakumwa zaukali, zotsika mtengo, zimene palibe amene amadziwa bwino zomwe athiramo. Kwathu ku Malawi boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 litaona m'mene unkawonongera achinyamata. Kuno mavuto anawonjezera ludzu. Kuyambira mu 2000 antchito ambiri a m'mafamu anasowa ntchito ndi pokhala. Mu 2008 mgodi wa Trojan ku Bindura unaimitsa ntchito kwa zaka zingapo. Ana athu ambiri analowa ukorokoza, kumene ndalama imabwera lero, imasowa mwezi wathunthu, ndipo mantha a pansi pa nthaka amatsukidwa ndi botolo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 mowa unatengera ku manda anthu pafupifupi 2.6 miliyoni pa dziko lapansi.

Sindikunena izi kuti tichotse udindo pa munthu wakumwa. Ndikunena kuti tichotse manyazi amene amamutsekera m'nyumba. Uchidakwa ndi matenda, ndipo madokotala amaudziwa ndi zizindikiro zake. Munthu amafuna mowa wambiri kuti aledzere monga ankaledzerera kale ndi wochepa. Amati amwa botolo limodzi, koma sadziwa polekezera. Chibaba chimamugwira ali pa ntchito. M'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawako. Amaona ntchito ikugwedezeka, ana akugona ndi njala, mankhwala a TB kapena ma ARV akuiwalika, koma amabwererabe komweko. Ngati mwadzimva m'mawu amenewa, kapena mwaona nkhope ya munthu wa m'nyumba mwanu, dziwani kuti simunalodzedwe ndipo simuli nokha.

Mbiri ya makomboni ili ndi mbali inanso, ndipo ndi imene ndikufuna kuti muigwiritsitse. Kodi machona anapulumuka bwanji m'dziko la eni, opanda munda, opanda mfumu, opanda mbumba? Anasonkhana. Anayambitsa masosaite a maliro kuti munthu wa ku Mangochi kapena ku Chipata asaikidwe ngati galu. Anavina beni ndi gule wamkulu m'migodi ndi m'mafamu. Anamanga mizikiti. Anayambitsa mipingo imene lero ndi Sinodi ya Harare ya CCAP. Palibe bwana amene anawapatsa zimenezi. Ankadziwa kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Msonkhano wa anthu ofuna kusiya mowa ndi wa mtundu womwewo. Ngati timatha kusonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzathu adzaikidwe mwaulemu, tingalephere bwanji kusonkhana sabata ndi sabata kuti asafe msanga?

Gulu lodziwika kwambiri la mtundu umenewu ndi Alcoholics Anonymous, kapena kuti AA, kutanthauza zidakwa zosatchulidwa mayina. Linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, ndipo chiyambi chake chimatikhudza ife anthu apaulendo. Bill Wilson, amene anali atakhala miyezi yowerengeka osamwa, anapita kumeneko pa nkhani za malonda, ndipo zinthu sizinamuyendere. Ali yekha mu hotela, mlendo mumzinda wa eni, chibaba chinamugwira. M'malo molowa m'bala, anayamba kufunafuna chidakwa chinzake choti ayankhule nacho. Anapeza dokotala wina, Bob Smith, amene mowa unali utatsala pang'ono kumuwonongera ntchito. Anthu awiriwo anazindikira kuti chidakwa chimamvera chidakwa chinzake kuposa m'mene chimamvera mlaliki, dokotala kapena mkazi wake, ndiponso kuti wothandiza mnzake amadzilimbitsanso yekha. Lero magulu a AA akupezeka m'mayiko pafupifupi 180.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Chimene chimafunika kuti mulowe ndi chimodzi chokha: kufuna kusiya kumwa. Palibe ndalama yolowera. Anthu amatchulana dzina loyamba basi. Gululi si mpingo ndipo si chipani. Limanena za kudalira mphamvu yoposa ya munthu, koma aliyense amaimva monga mwa chikhulupiriro chake, kotero Mkhristu, Msilamu ndi wa ku dambwe angathe kukhala pa benchi limodzi. Salumbira kuti asiya mpaka kalekale. Amangoti lero lokha sindimwa, ndipo mawa akacha amanenanso chimodzimodzi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo izi si nkhambakamwa. Mu 2020 akatswiri a bungwe la Cochrane anasanthula kafukufuku 27 wokhudza anthu oposa 10,000, ndipo anapeza kuti njira imeneyi imathandiza anthu kukhala osamwa mofanana ndi uphungu wa akatswiri, nthawi zina kuposanso, pa mtengo wochepa.

Ndisanakuuzeni kokapeza misonkhanoyi, mvetserani chenjezo ili, chifukwa likhudza moyo. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, musasiye mwadzidzidzi muli nokha. Thupi limene lazolowera mowa limavutika ukachotsedwa. Pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza, munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusanza ndi kusowa tulo. Ena amakomoka ngati akhunyu. Pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu, n'kumaona njoka kapena anthu amene palibe, ndipo pamenepa munthu angathe kufa. Kwathu timafulumira kunena kuti zimenezi ndi mizimu kapena ufiti, n'kumutengera kwa sing'anga, pamene chipatala chili ndi mankhwala ake. Choncho khomo loyamba ndi kiliniki. Uzani namwino zoona: mumamwa chiyani, wochuluka bwanji, kuyambira liti. Ngati pafunika kugonekedwa, pali chipatala cha boma ku Concession, chipatala chachikulu cha chigawo ku Bindura, ndi Howard ku Chiweshe. Ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Harare, ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe. Msonkhano wa anzanu sulowa m'malo mwa chipatala. Chipatala chimakudutsitsani sabata loyamba, anzanu amakudutsitsani zaka zotsatira.

Tsono kodi misonkhanoyi mungaipeze kuti? Yambani pa kiliniki pomwepo. Funsani namwino woona za matenda a maganizo, kapena wazaumoyo wa m'mudzi kapena wa pa famu, kuti: kodi pali gulu la anthu osiya mowa limene limakumana pafupi? Iwo ndiwo amadziwa amene anasiya ndi kumene amakumana. Boma linakhazikitsa mu 2024 ndondomeko yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo ndi zoledzeretsa yofika mpaka 2030, choncho funso lanu si lachilendo kwa iwo. Funsaninso za Friendship Bench. Ntchito imeneyi inayambitsidwa ndi Dr Dixon Chibanda ku Mbare mu 2006, ndipo inafalikira m'makiliniki ambiri. Agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi pabwalo la kiliniki, n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi kuganiza kwambiri, kumene anzathu Achishona amati kufungisisa. Pambuyo pake munthu angathe kulowa m'gulu lothandizana lotchedwa Circle Kubatana Tose. Cholinga chake chachikulu si mowa, koma ambiri a ife timamwa pofuna kuiwala, ndipo pa benchipo ndi pamene zoiwalidwazo zimakambidwa.

Khomo lachiwiri ndi la kumene mumapembedza. Mpingo wa Salvation Army wakhala m'chigwa chino kuyambira m'zaka za m'ma 1890. Mamembala ake amalonjeza kusamwa, ndipo wakhala ukuthandiza zidakwa kuyambira pachiyambi pake. Akatolika ali ndi gulu la Pioneer, la anthu olonjeza kusalawa mowa, limene linayamba ku Dublin mu 1898 ndipo linafalikira m'maparishi ambiri a mu Africa. A Seventh-day Adventist ndi Asilamu amaletsa mowa kotheratu. Pitani kwa abusa, kwa ansembe, kwa shehe, kapena kwa amayi a chigwirizano amene mumawakhulupirira, ndipo funsani funso lolunjika: kodi mumpingo muno alipo amene ankamwa n'kusiya? Ndionetseni munthu ameneyo. Pemphero ndi labwino, koma mufunikanso munthu amene akudziwa m'mene Lachisanu la malipiro limapwetekera.

Khomo lachitatu ndi bungwe lanu la antchito. A m'mafamu muli ndi GAPWUZ, a m'nyumba muli ndi ZDAWU. Nthumwi zawo zimayenda m'makomboni ambiri ndipo zimaona anthu akuchotsedwa ntchito chifukwa cha mowa. Zingathe kukulumikizani ndi ena amene ali pa ulendo womwewo. Khomo lachinayi ndi AA yeniyeniyo. Magulu ake amakumana ku Harare ndi ku Bulawayo. Kuchokera ku Mazowe kukafika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 40, kuchokera ku Bindura pafupifupi 90. Pemphani mwana kapena namwino kuti akufufuzireni pa foni tsiku, nthawi ndi malo, ndipo imbani kaye musanakwere kombi. Funsani ngati msonkhanowo ndi wotseguka kwa aliyense kapena ndi wa okhawo amene ali ndi vuto la mowa, chifukwa ilipo mitundu iwiri. Chiyambire mliri wa Covid mu 2020, misonkhano yambiri imachitikanso pa foni, ndipo anthu atatu angathe kusonkherana data n'kumvera pa foni imodzi.

Pofunafuna chenjerani ndi akambuku ovala chikopa cha nkhosa. Aliyense amene akufuna ndalama zambiri musanalowe, amene akulonjeza kuti akuchiritsani m'masiku atatu, amene amamanga odwala ndi unyolo kapena kuwamenya, kapena amene akuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala, muthaweni. Musagulenso mankhwala oti muzithirira munthu m'chakudya mobisa kuti adane ndi mowa; mungathe kumupha. Gulu loona limadziwika ndi izi: silikakamiza, siligulitsa kanthu, ndipo oyankhula amakamba za kugwa kwawo, osati za kugwa kwanu.

Ndikudziwa zimene zikuyenda m'mitima yanu. Wina akuti, ine ndilibe chitupa. Pa msonkhano wa AA kapena wa gulu la m'komboni palibe amene amafunsa chitupa, pasipoti kapena kumene munabadwira. Kumbukiraninso kuti Malamulo Aakulu a dziko lino a mu 2013, pa gawo 43, amati munthu wobadwira muno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linachokera ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena dziko lina la SADC, ndipo ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 76 limati palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi ku chipatala chilichonse. Ndipo Chichewa chathuchi ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko lino. Musachite manyazi kupempha kuti wina akumasulireni, kapena kuyankhula Chichewa pakati pa anzanu oyankhula Chishona ndi Chingerezi.

Wina akuti, nthawi ndiitenga kuti? Gawo 14C la Labour Act limapatsa wantchito aliyense maola osachepera 24 otsatizana opuma pa sabata. Msonkhano umatenga ola limodzi lokha mwa maola amenewo. Ngati mukufunika kugonekedwa kuti musiye mowa bwinobwino, gawo 14 limalola tchuthi cha matenda mpaka masiku 90 pa chaka pa malipiro onse, ndi masiku ena 90 pa theka la malipiro, malinga pali kalata ya dokotala. Gwiritsitsani mawu akuti kalata ya dokotala. Malamulo a khalidwe la pantchito amene boma linatulutsa mu 2006 amati kujomba masiku asanu kapena kuposerapo popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Amene wagona m'komboni sabata lathunthu akunjenjemera, wopanda kalata, wajomba. Amene wapita ku chipatala n'kutenga kalata, wadwala. Lamulo silidzakutetezani mukapezeka mutaledzera pa thirakitala kapena muli ndi mwana wa abwana kumsana, koma limakupatsani mpata wofuna thandizo zinthu zisanafike pamenepo. Za ndalama ya kombi, werengani zimene zinalowa m'kabuku ka ku shabini mwezi wathawu, muone ngati sizikwana.

Wina akuti, anthu adzandinena. Komboni ndi yaing'ono, ndipo n'zoona kuti nkhani imayenda msanga. Koma abale anga, amene amakuonani mukugona m'mbali mwa msewu akudziwa kale. Chimene sanaonepo ndi inu mukudzuka. Amayi, makamaka inu ogwira ntchito m'nyumba, ndikudziwa kuti manyazi anu ndi owirikiza. Bambo amamwera poyera, mayi amamwera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, ana ake ali kutali, wopanda womuuza. Mayi woyembekezera akamamwa, mowa umafikanso kwa mwana ali m'mimba ndipo ungamuwonongere ubongo moyo wake wonse. Khomo limeneli ndi lanunso. Ngati simumasuka pakati pa amuna, funani amayi anzanu awiri kapena atatu muyambe panokha.

Nanga tsiku loyamba lidzakhala lotani? Mudzafika miyendo ikulemera, mwina mudzadutsa pakhomo kawiri musanalowe. Onse amene ali m'katimo anachitanso chimodzimodzi. Mudzapeza mipando kapena mabenchi, mwina ndi tiyi. Mmodzi adzatsegula msonkhano, padzawerengedwa mawu pang'ono, kenaka anthu adzayankhula mmodzimmodzi za m'mene ankamwera, chimene chinawachitikira, ndi m'mene alili lero. Wina akamayankhula sadulidwa pakamwa ndipo sadzudzulidwa. Inu simukakamizidwa kunena kanthu. Mungangotchula dzina lanu n'kunena kuti lero mwabwera kudzamvera. Mbale ikadutsa, ponyani ngati muli nako, ngati mulibe ipititseni. Potuluka musathamange. Tengani nambala za foni za anthu awiri. Pakapita nthawi mudzasankha mmodzi amene wakhala nthawi yaitali osamwa kuti akhale phungu wanu, monga m'mene namwali amakhalira ndi phungu womuyendetsa. Ameneyo ndiye womuimbira chibaba chikakugwirani usiku, musanamwe, osati mutamwa kale. Ndipo musaweruze gulu ndi ulendo umodzi. Pitani kangapo musananene kuti si lanu.

Mwina mudzagwa. Ambiri amagwa, ena kangapo. Kugwa sikufafaniza masiku amene munakhala osamwa, ndipo gulu silipitikitsa munthu chifukwa chakuti wamwanso. Choopsa ndi manyazi amene amakuuzani kuti musabwerereko. Bwererani sabata lomwelo, mukafotokoze chimene chinachitika, kuti mudziwe misampha yanu. Misampha yathu timaidziwa: tsiku la malipiro, maliro, ukwati, bonasi ya Khirisimasi, kukangana ndi kapitawo, uthenga woipa wochokera kumudzi. Konzekeranitu. Tsiku la malipiro yendani ndi mnzanu wa m'gulu, sinthani njira yobwerera kunyumba, ndipo ndalama ya ufa ndi ya sukulu ichoke m'manja mwanu dzuwa lisanalowe.

Bwanji ngati mwafunsa ponseponse ndipo gulu lili kutali? Pamenepo chitani chimene agogo anu anachita: yambitsani lanu. Ngakhale AA imavomereza kuti anthu awiri kapena atatu okumana ndi cholinga chosiya mowa ndi gulu lokwanira. Sankhani tsiku limodzi ndi ola limodzi, ndipo musalisinthe, ngakhale atabwera awiri okha. Pezani malo amene si a abwana ndipo sali pafupi ndi bala: kachipinda ka ku tchalitchi, kalasi, khonde la kiliniki, ngakhale pansi pa mtengo. Udindo wotsogolera uzizungulira kuti pasakhale mfumu ya gulu. Musakongozane ndalama m'gululo, ndipo ndale ndi mikangano ya zipembedzo zizitsala panja. Wobwera atalawa asathamangitsidwe, koma tsiku limenelo angomvera. Dziwitsani namwino wa pafupi kuti mulipo, kuti azikutumizirani ena ndiponso kuti mudziwe kothamangira wina akadwala. Mmodzi wa inu azipita ku msonkhano wa ku Harare kamodzi pa mwezi, pa ndalama yosonkherana ngati ya chipereganyu, kuti akaphunzire ndi kubweretsa mabuku. Koposa zonse, sungani chinsinsi. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Chonenedwa m'gulu chikangofika kwa kapitawo kamodzi, munthu wataya ntchito ndipo gulu lafa.

Kwa inu akazi, amuna, ana ndi makolo a anthu akumwa, ndili ndi mawu ochepa. Simunayambitse matendawa ndipo simungawachiritse ndi kulalata, kubisa ndalama kapena kunamizira kwa kapitawo kuti bambo adwala malungo. Nanunso mwatopa, ndipo mufunika anzanu. Mu 1951 mabanja a zidakwa anayambitsa gulu lawo lotchedwa Al-Anon pa chifukwa chomwechi. Mungathe kumuperekeza mpaka pakhomo la msonkhano, koma kulowa alowe yekha. Ndipo ndinene mosapsatira: mowa si chifukwa chovomerezera nkhanza. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja, Domestic Violence Act, apolisi ali ndi nthambi ya Victim Friendly Unit, ndipo bungwe la Musasa limathandiza amayi omenyedwa. Ngati inu kapena ana muli pangozi, dzitetezeni kaye.

Ndisakusiyeni m'malere za malume anga. Atataya ntchito ija anakagwira maganyu pa famu ina. Kumeneko anapeza telala wina wachiyao ndi mlonda wina wochokera ku Tete, onse awiri anthu amene anasiya mowa movutikira. Lamulungu lililonse masana atatuwo ankakhala pa khonde la telalayo. Analibe dzina la gulu, analibe buku. Ankangofunsana kuti sabata lino layenda bwanji, ndipo tsiku la malipiro ankayenda pamodzi. Malume anagwa kawiri m'chaka choyamba, ndipo kawiri konseko anzawowo anawatsatira kunyumba m'mawa mwake. Chaka chino akwanitsa zaka 11 osalawa. Thirakitala sanaiyendetsenso, ndipo ana awo awiri oyamba sukulu inawadutsa, zimenezo sizidzabwerera. Koma wotsiriza analemba mayeso a Fomu 4, ndipo pa khonde lija tsopano pamakhala anthu asanu ndi mmodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Sabata lino lisanathe, funsani munthu mmodzi: namwino, abusa, shehe, nthumwi ya bungwe, kapena mnansi amene mukudziwa kuti anasiya. Mufunseni kuti amakumana kuti ndipo liti. Ngati vutoli si lanu, mukudziwa wina amene ndi lake. Muuzeni zimene mwamva lero, ndipo mumuperekeze. Tiyi akaperekedwa ndikhalabe pano, ndipo amene akufuna kuyankhula nane payekha andipeza panja.